Ndi zakuda mu blitz (chess yothamanga): tisankhe opening iti yolusa?

Hatchi_f6: Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere. Ndimasewera kwambiri 3+2 (mphindi zitatu, kuonjezera masekondi awiri pa muvu iliyonse) ndi 5+0 (mphindi zisanu basi) pa webusaiti ya chess ya Lichess, rating yanga ili cha m'ma 1500. Ndikagwira zoyera zinthu zimayenda, koma ndikagwira zakuda ndimangokhalira kutchinga mpaka wotchi kutha. Pa 1.e4 ndimayankha Caro-Kann, pa 1.d4 ndimasewera d5 ndi e6. Sindikuti ndi zoipa ayi, koma nthawi zonse mnzangayo ndi amene amasankha mbali yomenyera nkhondo, ine n'kumangotsatira. Ndikufuna opening (mamuvu oyambira gemu) yoti nanenso ndizimuopseza munthu kuyambira koyambirira. Mungandilangize iti pa e4, nanga pa d4?

WaMisampha: Achimwene musavutike. Pa e4 Stafford, pa d4 Englund, nkhani yatha. Stafford imayenda chonchi: 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5 Nc6 4.Nxc6 dxc6. Mwapereka pawn imodzi, koma njira za mabishopu onse awiri ndi ya kwini zatseguka. Ambiri amasewera 5.d3 Bc5, kenako amaona ngati 6.Bg5 ndi muvu yanzeru poti yamanga hatchi. Inu mumangodya 6...Nxe4! Akadya kwini, 7.Bxd8 Bxf2+ 8.Ke2 Bg4 ndi mate. Akadya hatchi, 7.dxe4 Bxf2+ 8.Kxf2 Qxd1, kwini wake wapita. Eric Rosen waionetsa kwambiri pa YouTube, kaonereni.

Englund nayo: 1.d4 e5 2.dxe5 Nc6 3.Nf3 Qe7 4.Bf4 Qb4+ 5.Bd2 Qxb2 6.Bc3 Bb4 7.Qd2 Bxc3 8.Qxc3 Qc1 mate. Munthu asanakhazikike bwino pa mpando gemu yatha kale.

Hatchi_f6: Eee, ya Stafford ija ndi yokongola. Ndaiika pa bolodi kuti ndione, mfumu ilibedi kothawira pa e2.

Mphunzitsi64: Ndi yokongoladi, ndipo aliyense ayenera kuidziwa kuti asagweremo. Koma a Hatchi, musanaikonde kwambiri, ikaninso izi pa bolodi lomwelo. Stafford: 5.d3 Bc5 6.Be2 h5 7.c3, kenako d4. Bishopu wanu wa c5 watsekedwa maso, f2 sakuionanso. Zoyera zili ndi ma pawn awiri pakati, inu mulibe ndi imodzi yomwe, anu a pa c aunjikana, ndipo mwachepa ndi pawn yathunthu. Tsopano mupanga chiyani kwa mamuvu 30 otsalawo?

Englund ndiye yoopsa kwambiri kwa mwini wake. Pa muvu ya 6 zoyera sizikakamizidwa kusewera Bc3. Zikasewera 6.Nc3, kwini wanu amene ali pa b2 uja amayamba kuthamangitsidwa ndi Rb1, hatchi n'kulumphira pa d5 kapena b5 kuloza c7, inu zida zanu zonse zikadali kunyumba.

Vuto la misampha ngati imeneyi ndi loti imafunsa funso limodzi lokha. Munthu akayankha bwino, inu mwatsala ndi gemu yowola, ndipo mu 3+2 masekondi awiri owonjezera aja amamukwanira kuti akumalizeni modekha. Komanso chifukwa choti mavidiyo aja aonedwa ndi anthu ambiri, amene akudziwa yankho akuchulukirachulukira.

WaMisampha: Aphunzitsi, zimene mukunenazo ndi za kompyuta. Anthu a 1500 sasewera ngati pulogalamu ya Stockfish. Ine ndimawina nayo kawirikawiri.

Mphunzitsi64: Sindikukana kuti mumawina mwana wanga. Koma 6.Be2 ndi 7.c3 si mamuvu a kompyuta, ndi mamuvu wamba oti munthu akagwa kamodzi amakaona ndipo saiwalanso. Funso langa ndi loti mukafika 1800 mudzatenga chiyani kuchoka mu Stafford? Mudzayambanso pachiyambi kuphunzira opening ina.

WotchiYatha: Ndilowererepo, chifukwa mukukangana za zinthu ziwiri zosiyana. Blitz si imodzi. Kwa FIDE, bungwe la chess la dziko lonse lapansi, gemu iliyonse ya mphindi 10 kutsika m'munsi ndi blitz, ndipo mpikisano wa blitz wa dziko lonse lapansi umaseweredwa pa 3+2. Koma 3+2, 3+0 ndi 1+0 ndi maiko atatu osiyana. Ine ndimasewera bullet ya 1+0 (mphindi imodzi yokha), ndipo kumeneko Englund ili ndi ntchito yeniyeni: anthu a London System (d4 kenako Bf4) amaika premove ya Bf4, kutanthauza kuikiratu muvu asanaone yankho lanu. 1.d4 e5 2.Bf4 exf4, bishopu waulere. Ngakhale asagwe, wataya masekondi atatu kudabwa, ndipo mu mphindi imodzi masekondi atatu ndi chuma. Pamene pali increment, masekondi owonjezera aja, aphunzitsi akunena zoona. Ndiye a Hatchi ayambe atiuza kuti nthawi yawo yeniyeni ndi iti.

Hatchi_f6: Makamaka 3+2. Bullet dzanja langa silifulumira chotero.

Bishopu_g7: Ndiye bwerani kuno ku Dragon achimwene, musazengereze. 1.e4 c5 2.Nf3 d6 3.d4 cxd4 4.Nxd4 Nf6 5.Nc3 g6. Bishopu amakhala pa g7 kuyang'ana mzere wonse mpaka b2 ndi a1. Zoyera zikafuna kukuphani zimasewera Yugoslav Attack: 6.Be3 Bg7 7.f3 0-0 8.Qd2 Nc6, kenako zimapanga castle mbali ya kwini ndi kuyamba kukankha h4, h5. Mafumu ali mbali zosiyana, aliyense akuthamangira ya mnzake. Mtundu wa gemu umene mukufunawo ndi umenewu.

Chimene ndimaikondera mu blitz ndi choti mapulani a zakuda ndi omwewo gemu iliyonse. Bishopu pa d7, rook pa c8, hatchi pa e5 kenako c4, kwini pa a5. Ndipo pali muvu imodzi imene muyenera kuikonda ndi mtima wonse: Rxc3. Mumapereka rook kudya hatchi. Pa chiwerengero mwaluza, koma taonani zimene zachitika. Hatchi ya c3 ndi imene imalondera e4 ndi a2, ndi imenenso imafuna kulumphira pa d5 kuti ichotse hatchi yanu ya f6, mlonda wa mfumu yanu. Ikachoka ndipo zoyera zadya ndi pawn ya b, khoma la kutsogolo kwa mfumu yawo lasweka, kwini wanu pa a5 akuona c3 ndi a2, ndipo nthawi zambiri e4 imagwa. Munthu amene ali ndi masekondi 40 pa wotchi sangateteze zonsezo. Sindiwerenga n'komwe ndikaona mpata wa Rxc3, dzanja limapita lokha.

Ndipo musamve zoti ndi opening ya ana. Mu 1995 ku New York, Kasparov anaitulutsa polimbana ndi Anand pa mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse lapansi, ndipo anawina nayo magemu awiri ali ndi zakuda.

Kwini_h4: A Bishopu, muwauzenso mbali inayo. Mu 1974 Karpov anaphwanya Dragon ya Korchnoi pa mzere wa h womwewo. Ndipo pulani ya zoyera ndi yophweka kuposa yanu: h4, h5, Bh6 kusinthana mabishopu, kutsegula mzere wa h, kwini pa h6, mate pa h7. Mwana amene waphunzira dzulo akhoza kuisewera osaganiza. Inu mukachedwa ndi muvu imodzi yokha mwafa. Mu blitz ine ndimasangalala ndikaona Dragon ndili ndi zoyera.

Bishopu_g7: Zoona achemwali, sindibisa. Nchifukwa chake pali zinthu zingapo zoyenera kuloweza, osati kungoganizira pa bolodi. Pa 9.0-0-0 yankho ndi 9...d5 nthawi yomweyo, kumenya pakati asanayambe za h4 zija. Pa 9.Bc4 Bd7 10.0-0-0 Rc8 11.Bb3 Ne5 12.h4, mumaimitsa ndi 12...h5, imene amaitcha Soltis. Musasewere 6...Ng4 pothamangitsa bishopu wa e3, chifukwa 7.Bb5+ Bd7 8.Qxg4 hatchi yapita. Ndipo akasewera 6.f4, musathamangire Bg7 poti e5 ikubwera, yambani Nc6. Zimenezi mukazidziwa mwapulumuka ngozi zambiri za pa 1500.

Hatchi_f6: Nanga Najdorf? Ndimamva kuti ndi imene Fischer ndi Kasparov ankadalira.

Mphunzitsi64: Ankadaliradi, ndipo ndi yabwino kuposa Dragon tikanena za kulimba kwake. Koma ikatha 5...a6, zoyera zili ndi mayankho ambiri amphamvu: Bg5, Be3, Be2, Bc4, h3, f4, g3, ndipo lililonse likufuna kuti muyale zida mosiyana. Pena e5, pena e6. Mu 6.Bg5 e6 7.f4 Qb6, ija amati Poisoned Pawn, ngakhale ma grandmaster amaloweza mamuvu oposa 20. Kwa munthu wa ntchito amene amasewera madzulo, Najdorf idzakudyerani wotchi pa muvu ya 8. Isungeni, mudzaipeza mtsogolo.

WotchiYatha: Ndipo pali chinthu chimene okonda Sicilian satchula. Pa rating ya a Hatchi, ndi angati amene amasewera 2.Nf3 ndi 3.d4? Mukhoza kuloweza Dragon sabata yonse, n'kukumana ndi 2.c3, 2.Nc3 ndi f4, 2.Bc4, kapena Smith-Morra, 2.d4 cxd4 3.c3. Mu Morra ndi inuyo amene mumakhala wotchinga, zimene mukuthawazo. Tsegulani opening explorer ya Lichess, musankhe blitz ndi rating yanu, muone nokha zimene anthu amasewera pa muvu yachiwiri.

Bishopu_g7: Pamenepo pali njira yachidule. Pa Alapin, 2.c3 Nf6 3.e5 Nd5. Pa Morra musadye pawn ya c3, sewerani 3...Nf6 4.e5 Nd5, mwalowa mu Alapin yomweyo. Yankho limodzi, ma opening awiri, ndipo wa Morra uja wakhumudwa poti mizere imene amafuna sinatseguke. Pa Grand Prix, g6, Bg7, Nc6, ndipo bishopu wawo akabwera pa c4 mumamutseka ndi e6 ndi Nge7 n'kukonzekera d5. Si zambiri.

WaMisampha: Kapena idyani pawn ya Morra muwatchere wa ku Siberia: 3...dxc3 4.Nxc3 Nc6 5.Nf3 e6 6.Bc4 Qc7 7.0-0 Nf6 8.Qe2 Ng4, akangoti 9.h3 inu 9...Nd4! Akadya hatchi ndi hatchi, Qh2 mate. Akapanda kudya, kwini wawo ali pa moto ndipo Nxf3+ ikubwera.

Mphunzitsi64: Umenewo ndiye msampha umene ndimavomereza, chifukwa mamuvu onse a zakuda mpaka pamenepo ndi abwino paokha. Akapanda kugwa simunataye kanthu, muli ndi pawn yowonjezera. Kusiyana kwake ndi Englund n'kumeneko.

Kwini_h4: Ine ndikufuna kuyankhulira 1...e5, chifukwa anthu amaiona ngati ya odekha pamene ili ndi moto wambiri. Pa 1500 theka la dziko limasewera Italian ndipo likulota Fried Liver: 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5. Akuyembekeza kuti munjenjemere chifukwa cha f7. Inu mumasewera 4...Bc5, ngati simunaone. Imeneyi ndi Traxler, dzina la wansembe wa ku Czech, Karel Traxler, amene anaisewera mu 1890. Akadya 5.Nxf7 kuopseza kwini ndi rook nthawi imodzi, mumayankha 5...Bxf2+! Pa 6.Kxf2 Nxe4+ kwini akubwera pa h4 ndipo mfumu yawo ili pabwalo. Pa 6.Kf1 Qe7 7.Nxh8 d5, mwapereka rook yathunthu koma zida zanu zonse zikuthamanga, zawo zikugona, hatchi yawo yatsekeredwa pakona. Munthu amene anabwera kudzaukira mwadzidzidzi akupezeka akutchinga, ndipo ambiri mtima umawachoka pomwepo. Mumaona wotchi yawo ikungotsika, 2:40, 2:10, 1:30, asanasunthe kanthu.

Koma ndinene chilungamo monga achitira aphunzitsi. Odziwa sadya ndi hatchi. Amasewera 5.Bxf7+ Ke7 kenako kubweza bishopu pa b3 kapena d5. Apo mwachepa ndi pawn, castle palibenso, ngakhale rook ikabwera pa f8 mumakhalabe ndi kanthu kosewera. Amene safuna kuika moyo pachiswe chotero ali ndi 4...d5 5.exd5 Na5 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6. Naponso mwapereka pawn, koma iyi ndi nsembe imene akatswiri akhala akuivomereza kwa zaka zoposa 100: zoyera zimabwerera m'mbuyo muvu ndi muvu, inu mukutenga malo ndi h6 ndi e4. Chimene simuyenera kuchita ndi 5...Nxd5, chifukwa ndiye mwalowa mu 6.Nxf7 imene amaifunayo.

Hatchi_f6: Nanga akasewera Ruy Lopez, 3.Bb5?

Kwini_h4: 3...f5, Schliemann. Radjabov waisewera ndi akatswiri apamwamba kwambiri ndipo sinagwe. Marshall Attack ndi yabwino koposa, ija Frank Marshall anaitulutsa polimbana ndi Capablanca ku New York mu 1918, ngakhale tsiku limenelo Capablanca anatchinga n'kuwina. Koma kuti mufike ku Marshall pafunika zoyera zivomere mamuvu 8, ndipo ambiri amapatuka ndi 8.a4 kapena 8.h3, kapena kudya pa c6 kale pa muvu ya 4. Schliemann imabwera pa muvu ya 3, sangaithawe.

WaMisampha: Ndiye muonjezerepo Latvian, 2...f5, ndi Elephant, 2...d5. Komanso Scandinavian ya Portuguese, 1.e4 d5 2.exd5 Nf6 3.d4 Bg4. Komanso Alekhine. Pa d4 pali Budapest, 1.d4 Nf6 2.c4 e5 3.dxe5 Ng4 4.Bf4 Nc6 5.Nf3 Bb4+ 6.Nbd2 Qe7 7.a3 Ngxe5 8.axb4 Nd3 mate. Pali Albin, 1.d4 d5 2.c4 e5 3.dxe5 d4 4.e3 Bb4+ 5.Bd2 dxe3 6.Bxb4 exf2+ 7.Ke2 fxg1=N+, pawn kusanduka hatchi pa muvu ya 7!

Mphunzitsi64: Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. A Hatchi apempha imodzi pa e4, imodzi pa d4, ife tawapatsa khumi ndi kuposa. Mu blitz chimene chimakupulumutsani ndi kuzolowera malo amene mwafikapo, kudziwa kumene hatchi imapita musanaganize. Zimenezo zimabwera mukasewera opening imodzi magemu ambirimbiri, kuluza nayo, kukaona pomwe zinapotoka, kubwereranso. Mukamasintha tsiku lililonse mumakhala mlendo mu gemu iliyonse.

Pa zimene zatchulidwazo, Budapest ndi Albin zili bwino kuposa Latvian ndi Elephant. Mu Budapest pawn ija nthawi zambiri mumaibweza, ndipo Morozevich anaonetsa kuti Albin ikhoza kuseweredwa ngakhale pamwamba. Koma Budapest zoyera zikadziwa, gemu imazizira msanga, mumangokhala ndi malo ochepa popanda choukira chenicheni.

Benko_b5: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kudikira kuti nkhani ifike pa d4. A Hatchi, ndikupempheni mundimvere pang'ono, chifukwa ndikukhulupirira kuti chimene mukufuna ndi Benko Gambit, ndipo ndi yosiyana ndi zonse zatchulidwa pano.

1.d4 Nf6 2.c4 c5 3.d5 b5 4.cxb5 a6 5.bxa6. Mwapereka pawn. Simukutchera msampha uliwonse, palibe mate ya pa muvu ya 8. Chimene mwagula ndi mizere iwiri yotseguka, wa a ndi wa b, ndipo imakhala yanu mpaka gemu kutha. Kayalidwe ka zida ndi kamodzi: g6, Bxa6, d6, Bg7, castle, Nbd7, kwini pa a5 kapena b6, rook ya f8 kubwera pa b8. Mamuvu 12 oyamba mumawasewera m'masekondi ochepa. Akakankha e4 mumadya bishopu wawo pa f1, mfumu yawo idye, ndiye ataye nthawi ndi g3 ndi Kg2 kuti aibise.

Tsopano taonani bolodi ili ngati muli ndi zoyera. Rook pa a8 ikuyang'ana a2. Rook pa b8 ikuyang'ana b2. Bishopu wa g7 akuyang'ana c3 ndi b2 yomweyo. Mukakankha b3, mzere wa bishopu watseguka ndipo hatchi ya c3 yatsala yopanda mthandizi. Mukakankha a3, b3 yasanduka bowo. Bishopu wanu wa c1 sangachoke poti akulondera b2, ndiye rook ya a1 nayo yatsekeredwa. Pamenepo hatchi zakuda zikuzungulira, ina kudzera e8, c7, b5 kukasinthana ndi ya c3, ina kudzera b6 kupita c4 kapena a4, kapena g4, e5 kuloza d3. Muvu iliyonse zoyera ziyenera kufunsa kuti kodi chikugwa n'chiyani. Zakuda sizifunsa kanthu, zikungoonjezera katundu. Mu 3+2 zimenezi zimasanduka mphindi yathunthu ya kusiyana pa wotchi.

Ndipo chodabwitsa, chimene sichipezeka mu gambit ina iliyonse imene ndikuidziwa: mukhoza kusinthana makwini muli wochepa ndi pawn, mphamvu yanu osatha. Kawirikawiri imachita kukula, chifukwa kwini wawo ndi amene amagwirizira a2 ndi b2, komanso popanda makwini mfumu yanu ilibe choopa. Ma pawn anu kuyambira c5, d6, e7 mpaka h7 ndi unyolo umodzi wovuta kuuthyola. Ku Russia amaitcha Volga Gambit, dzina la Benko linabwera chifukwa cha Pal Benko, grandmaster wochokera ku Hungary amene anasamukira ku America ndipo anaisewera ndi kuifalitsa kwambiri.

Hatchi_f6: Izi zandigwira mtima. Koma kodi ndi yolusa? Ndikuona ngati simukuukira mfumu.

Benko_b5: Simukuukira mfumu, mukuukira munthuyo ndi wotchi yake. Munati mwatopa ndi kutsatira zofuna za mnzanu. Mu Benko kuyambira muvu ya 3 ndi inu amene mwasankha mbali ya nkhondo, ndipo iye ndi amene akutchinga. Kwa ine kulusa n'kumeneko. Ngati mtima wanu ukufuna mate basi, a Bishopu akuuzani za King's Indian.

Bishopu_g7: Ndinali kale ndikulemba. 1.d4 Nf6 2.c4 g6 3.Nc3 Bg7 4.e4 d6 5.Nf3 0-0 6.Be2 e5 7.0-0 Nc6 8.d5 Ne7. Pakati patsekeka. Inu mumachotsa hatchi pa f6, kukankha f5, f4, g5, h5, g4, rook kudzera f7 kupita g7, hatchi pa g6. Iwo akuswa mbali ya kwini ndi c5. Akapambana iwo amadya ma pawn ndi rook mwina, mukapambana inu ndi mate. Kafufuzeni gemu ya Gelfand ndi Nakamura ya 2010 ku Bursa, muone Nakamura akusiya kwini wake pa moto muvu ndi muvu, Gelfand osapeza mpata womudya poti mate ili pa g2. Chinthu chimodzi chokha: bishopu wa c8 musamusinthanitse mwachisawawa, ndi amene amadzipereka pa h3 pomaliza. Ubwino wina, kayalidwe komweko kamagwira pa 1.c4 ndi 1.Nf3.

Mphunzitsi64: King's Indian ndimailemekeza, koma ili ndi matenda a Najdorf. Zoyera sizikakamizidwa kupanga castle kumene mukufuna. Pali Sämisch ndi f3, pali Four Pawns, pali fianchetto ndi g3 imene imazimitsa moto wonse wa f5 uja, pali h3 ndi g4. Ngakhale mu mzere umene mwalembawo, 9.b4 ya Bayonet inamuvutitsa Kasparov mwini wake m'manja mwa Kramnik. Ndipo pa 7.dxe5 dxe5 8.Qxd8 makwini achoka, wokonda mate uja watsala ndi endgame. Kwa munthu amene akuchoka ku Caro-Kann, ine ndikuvotera Benko. Amadziwa kale kusewera modekha ndi ma pawn olimba, akungofunika kupatsidwa mizere yoti azikankhira.

WotchiYatha: Chenjezo kwa onse a g6 ndi Bg7: musaike premove ya Bg7 mwachizolowezi. Alipo amene amasewera 1.d4 g6 2.Bh6 dala, inu premove yapita Bg7, iwo Bxg7 ndipo rook ikutsatira. Dikirani muone muvu yawo, theka la sekondi silikuphani mu 3+2.

Kwini_h4: Funso lomwe palibe wayankha: London. A Hatchi aphunzira Benko usiku wonse, mawa akumana ndi 1.d4 Nf6 2.Bf4 magemu atatu otsatizana. Benko imafuna c4 ndi d5.

Benko_b5: Funso labwino achemwali. Pa 2.Bf4 ndimasewerabe 2...c5. Bishopu wachoka pa c1, ndiye b2 ilibe mlonda, kwini pa b6 amawasokoneza kayalidwe kawo ka masiku onse. Koma pa 3.e3 Qb6 4.Nc3 samalani, kudya 4...Qxb2 kumakumana ndi 5.Nb5, hatchi ikuloza c7 ndipo kwini wanu akhoza kutsekeredwa ndi Rb1. Ngati simunaiphunzire bwino, musadye, ingopitirizani kutulutsa zida. Wa London amadalira kusewera mamuvu 10 osayang'ana, ndiye mukangomukakamiza kuganiza pa muvu ya 3 mwamulanda chida chake chachikulu. Akayamba 2.Nf3, c5 yomweyo, ndipo akakankha 3.d5 mukhoza kuponyabe b5.

Bishopu_g7: Njira ina pa London ndi g6, Bg7, d6, castle, kenako kukonzekera e5 ndi Nbd7 ndi Qe8, kapena Nfd7. Pawn ikafika pa e5 bishopu wa f4 uja amathawira h2 n'kumayang'ana khoma.

Hatchi_f6: Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zimene ndimayembekeza. Ndaganiza chonchi: pa d4 nditenga Benko. Pa e4 mtima uli pakati pa Dragon ndi e5 ya achemwali, koma poti mu Benko bishopu akukhala pa g7 ndipo pawn ili pa c5, ndikuona ngati Dragon ndi m'bale wake, dzanja lizolowera msanga. Ndikulakwitsa aphunzitsi?

Mphunzitsi64: Simukulakwitsa, kaganizidwe kameneko ndi kabwino. Ndingoonjeza kuti muyang'anenso Accelerated Dragon, 2...Nc6 3.d4 cxd4 4.Nxd4 g6, osakankha d6 msanga. Ubwino wake, akayesa Yugoslav ija ndi f3 ndi Qd2 mumaponya d5 kamodzi n'kamodzi, mwapulumutsa muvu yathunthu. Mtengo wake ndi woti akhoza kusewera 5.c4, Maroczy Bind, n'kukupanikizani malo. Yesani zonse ziwiri sabata ino, mukhale ndi imodzi. Ndipo gemu iliyonse mukaluza, musadine batani la gemu yatsopano nthawi yomweyo. Tsegulani analysis, muone muvu yoyamba imene munachoka pa njira, muikonze imeneyo yokha.

WaMisampha: Ine Stafford sindiisiya, koma Benko ndiyesako. A Benko, akakana kudya pa a6 n'kukankha 5.b6 mumatani?

Benko_b5: Mumadya ndi kwini, 5...Qxb6, kapena kuyamba d6 n'kudzadya ndi hatchi kudzera d7. Ma pawn ndi ofanana, mzere wa b ndi wanu, chongofunika kusamala ndi hatchi yawo ikafika pa c4 kudzera d2, chifukwa imamenya kwini ndipo imakhazikika. Pa 5.e3 ndimasewera g6 n'kupitiriza, pa 4.Nf3 mukhoza g6 yomweyo kapena Bb7. Pa Lichess pali njira yoyambira gemu pa malo amene mwasankha. Ndiika malo a pambuyo pa 5.bxa6, ine nditenga zoyera, nthawi 3+2. A Hatchi yambani inu, a WaMisampha mubwere pambuyo pawo.

Hatchi_f6: Ndalowa kale, tumizani.